UMO MANKHWALA APHERA UDZUDZU NASIYA MUNTHU



Anyamata a zaumoyo akafika pa komboni ndi mapampu ao kumsana, amatiuza kuti titulutse zakudya, madzi ndi ziwiya pabwalo, ndipo apopera mankhwala pa zipupa za nyumba. Akatha atipempha kuti tidikire maora 2 tisanalowe. Polowa tipeza mphemvu, nchenche ndi udzudzu ziri ngunda-ngunda pansi. Koma usiku womwewo ife tigona m'nyumba yomweyo pamodzi ndi ana athu, ndipo m'mawa tidzuka amoyo. Kodi mankhwala awa asiyanitsa bwanji udzudzu ndi munthu?

Funso ili siliri lacabe. Alipo ena amene akana kutsegulira anyamatawo poopa kuti mankhwala adzapha banja lao. Aliponso ena amene sawaopa konse, nati ngakupha tizirombo tokha, nawasunga m'botolo la zakumwa kunsi kwa bedi. Onse awiri alakwa, ndipo cowalakwitsa ndi cimodzi: sadziwa umo mankhwala agwirira nchito yace m'thupi.

Cinjoka ca ku Luanshya

Tiyambe takumbukira cifukwa cace nkhondo ya udzudzu iri yaikulu kwa ife. Pamene mgodi wa Roan Antelope unali kuyambika ku Luanshya, cisanafike caka ca 1930, anthu anali kufa ambiri ndi malungo ndi nthenda zina, kotero kuti anchito anali kuthawa. Kunamveka mbiri yakuti mu mtsinje wa Luanshya muli cinjoka cimene cirikutha anthu. Kuyambira caka ca 1929 eni mgodi anayamba kulimbana ndi malungo, ndipo potsata uphungu wa Sir Malcolm Watson wa ku Ross Institute ku London anakumba ngalande kuti madambo aume, nalambula mtsinje, nathira mafuta pa zithaphwi. M'zaka zowerengeka imfa za malungo zinacepa kwambiri. Cinjoka ceni-ceni cinali udzudzu.

Nchito imeneyo inali ya khasu ndi fosholo. Mankhwala opopera pa zipupa anadza pambuyo pace, itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. M'caka ca 2000 kampani ya Konkola Copper Mines inayambanso kupopera nyumba ku Chingola ndi ku Chililabombwe, ndipo m'zaka zotsatira Boma linafalitsa nchitoyi ku madera ena a Zambia. Tsono tiyeni tione cimene mankhwalawo acita akalowa mwa udzudzu.

Belu la pa shafuti

M'Cinyanja mau akuti mitsempha anena zinthu zingapo. Ilipo mitsempha ya mwazi, iliponso yolumikiza minofu ndi mafupa. Lero tirikunena za mtundu wacitatu, ndiwo timaulusi toyera tonyamula mauthenga kucokera ku bongo kunka ku ziwalo zonse, ndi kucokera ku ziwalo kubwerera ku bongo. Munthu ali nayo, ng'ombe iri nayo, ngakhale udzudzu ndi kucepa kwace konse uli nayo.

Munthu wa ku mgodi adziwa belu la pa shafuti. Wa pansi aliza belu, uthenga uyenda pa waya, ndipo woyendetsa injini amva, nakweza cikepe kapena kucitsitsa. Tanthauzo la belu liri m'kulira kwace ndiponso m'kuleka kwace. Belu lolira kosaleka silinena kanthu, ndipo woyendetsa injini sangadziwe cocita. Mitsempha iri comweco: uthenga uyenera kuyamba, uyeneranso kutha msanga, kuti wina upeze malo. Pali zinthu zinai zimene zisunga dongosolo limeneli.

Coyamba ndi tizipata. Pa khungu la mtsempha uli wonse pali tizipata tosawerengeka, tating'ono koposa cimene diso lingaone. Uthenga ukafika, kacipata katseguka ndi kulowetsa sodium, cinthu comweco cimene ciri mu mcere wa ndiwo. Kulowa kwa sodium kupanga mphamvu ya magetsi pang'ono, imene itsegula kacipata kotsatira, ndipo uthenga uthamanga monga moto pa cingwe ca fyuzi. Kacipata kali konse katsekekanso nthawi yomweyo. Mu mitsempha yaliwiro koposa ya munthu uthenga uyenda mamita 100 pa sekondi imodzi.

Caciwiri ndi loko. Mitsempha siigundana: pakati pa wina ndi unzace pali kampata, monga mtsinje wopanda mlatho. Kuti uthenga uoloke, mtsempha woyamba utulutsa mankhwala ace-ace a m'thupi, ochedwa acetylcholine. Awa aoloka kampata monga bwato, ndipo tsidya lina alowa m'malo ace monga kiyi alowa mu loko, natsegula njira kuti uthenga upitirire.

Cacitatu ndi wosesa. Kiyi akatsegula sayenera kutsala mu loko. Cotero pa kampatapo pali cinthu cina ca dzina lalitali, acetylcholinesterase, cimene ife tingocicha wosesa. Nchito yace ndi kuphwanya makiyi amene atha nchito, ndipo aphwanya zikwi zambiri pa sekondi imodzi.

Cacinai ndi mabuleki. Thupi liri ndi mankhwala ena, ochedwa GABA, amene atsegula tizipata ta mtundu wina ndi kutontholetsa mtsempha kuti usalize belu popanda cifukwa.

Pafupi-fupi mankhwala onse opha tizirombo amene tiwaona m'masitolo alasa cimodzi ca zinai izi.

Mwala pa citseko

Woyamba kuchuka anali DDT. Paul Müller wa ku Switzerland ndiye anapeza mphamvu yace m'caka ca 1939, nalandira mphotho ya Nobel mu 1948. DDT agwira tizipata ta sodium kuti tisatsekeke msanga, monga munthu aika mwala pa citseko. Mtsempha uliza belu mobwereza-bwereza, kacirombo kanjenjemera, kagwa cagada, nikafa. Koma DDT saonongeka msanga: akhala zaka zambiri m'nthaka ndi m'mafuta a nyama, ndipo anacepetsa mbalame zodya nsomba. Buku la Rachel Carson la mu 1962 linacenjeza dziko, America analetsa DDT m'minda mu 1972, ndipo pangano la ku Stockholm la mu 2001 linamlola makamaka pa nchito yolimbana ndi tizirombo tofalitsa nthenda.

Alipo maluwa oyera ochedwa pyrethrum, olimidwa ku Kenya, Tanzania ndi Rwanda, amene ululu wace ugwira tizipata tomweto, koma utha mphamvu msanga pa dzuwa. Michael Elliott ndi anzace ku Rothamsted, ku England, anatsanzira ululu wa maluwawa napanga wina wopirira dzuwa: permethrin analengezedwa mu 1973, deltamethrin mu 1974. Gulu limeneli lichedwa pyrethroid, ndipo ndilo liri mu maneti a udzudzu, m'zitini zopopera m'nyumba ndi m'makoilo ambiri ofukiza usiku.

Kumanga wosesa

Gulu lina lichedwa organophosphate, ndipo linayamba ndi nchito ya Gerhard Schrader ku Germany m'zaka za m'ma 1930. Mwa iwo muli malathion, dichlorvos ndi pirimiphos-methyl, amene ali m'mankhwala ena osungira cimanga kuti anankafumbwe asadye. Awa salasa kacipata, koma amanga wosesa manja. Makiyi aunjikana pa kampata, loko akhala cotsegukira, ndipo belu lilira kufikira kacirombo kafa. Gulu la carbamate, monga bendiocarb, licita cimodzi-modzi, koma cingwe cace cimasuka msanga.

Kiyi wonyenga ndi mabuleki oduka

Kuyambira kale alimi adziwa kuti madzi a fodya apha nsabwe za masamba. Cimene cizipha ndi nicotine, amene afanana ndi kiyi wa mtsempha, nalowa mu loko. Koma nicotine alowanso bwino lomwe mu loko wa munthu, cifukwa cace ali woopsa. Ku Japan, Shinzo Kagabu ndi anzace anapanga kiyi wonyenga wina, wochedwa imidacloprid, amene anayamba kugulitsidwa mu 1991. Iyeyu ndi abale ace, clothianidin ndi thiamethoxam, achedwa neonicotinoid. Alowa mu loko wa kacirombo ndi kukanirira momwemo, ndipo wosesa sangathe kuwaphwanya.

Otsiriza ndi odula mabuleki. Fipronil, amene anapangidwa ku France nafika pa msika mu 1993, atseka tizipata totontholetsa mtsempha. Kacirombo kakhala monga galimoto lotsika phiri lopanda mabuleki. Muli fipronil m'nyambo zina za mphemvu ndi m'mankhwala a ciswe.

Nanga munthu apulumuka bwanji?

Pano ndipo pagona nkhani yathu. Munthu naye ali ndi tizipata, loko, wosesa ndi mabuleki. Cimene cimpulumutsa ndi zinthu zinai.

Coyamba, maloko athu ndi a tizirombo afanana koma sali amodzi. Nyumba za pa komboni imodzi ziri ndi maloko a mtundu umodzi, koma kiyi wa mnansi wanu angolowa pang'ono mu loko wanu osatembenuka. Neonicotinoid akwana bwino mu loko wa kacirombo, koma mwa munthu akwana mobvutika, ndipo saoloka bwino linga limene lichinjiriza bongo wathu ku zinthu za m'mwazi. Tizipata ta sodium ta kacirombo tigwidwa ndi pyrethroid wocepa kwambiri koposa amene afunika kugwira ta munthu. Fipronil naye atsekanso tizipata tina totontholetsa timene tizirombo tiri nato koma munthu alibe konse.

Caciwiri ndi ciwindi. M'ciwindi ndi m'mwazi wa munthu muli zinthu zochedwa enzyme, zimene tingaziyerekeze ndi timipeni tosaoneka. Izi zidula pyrethroid msanga, ndipo zidutswa zituluka ndi mkodzo. Nkhani ya malathion njozizwitsa koposa. M'botolo malathion sali waukali kweni-kweni. Akalowa mwa kacirombo, thupi la kacirombo lomwe limsandutsa ciphe caukali cochedwa malaoxon, ndipo kacirombo kadzipha kokha. Mwa munthu timipeni tija timdula wambiri asanasandulike.

Cacitatu ndi kutentha. Thupi la munthu likhala pa madigiri 37 usana ndi usiku, koma la udzudzu litsata kuzizira kwa malo amene uli. DDT ndi pyrethroid wambiri agwira tizipata kolimba pozizira koposa potentha. Cotero pa cipupa cozizira usiku udzudzu ndiwo uli pa tsoka.

Cacinai ndi msinkhu. Udzudzu pafupi-fupi 500 ndiwo ulemera galamu 1, kotero kuti munthu wa makilogalamu 60 alemera monga udzudzu 30,000,000. Udzudzu utera ndi mapazi pa mankhwala eni-eni, ndipo alowa msanga kufikira ku mitsempha yace. Khungu la munthu sililowetsa pyrethroid wambiri.

Linga lalitali, koma losafika kumwamba

Muone kuti zinai zonsezi zinena za kucepa ndi kuculuka. Palibe cimene cinena kuti mankhwala sangakhudze munthu konse. Muyeso wopopera pa cipupa unayesedwa kuti ukwane udzudzu koma usafike pa munthu. Amene ali m'botolo, asanasungunulidwe ndi madzi, ali nkhani ina.

Oopsa koposa ndi omanga wosesa, pakuti wosesa wa munthu ndi wa kacirombo asiyana pang'ono pokha. Banja lomwelo la organophosphate ndilo linabala mipweya ya nkhondo, tabun mu 1936 ndi sarin mu 1938. Parathion anapha alimi ambiri kufikira maiko ambiri anamletsa. Timapaketi ndi timabotolo topanda dzina togulitsidwa pa msika kuti tiphe makoswe ndi nsikidzi kawiri-kawiri tikhala ta magulu amenewa.

Munthu amene walowedwa ndi ciphe cotere atuluka malobvu ambiri, thukuta ndi misozi, asanza, atsegula m'mimba, mwana wa diso acepa ngati nsonga ya singano, minofu inthunthumira, ndipo kupuma kubvuta. Musacedwe. Mbvuleni zobvala zimene zanyowa ndi mankhwala, msambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo thamangani naye ku cipatala pamodzi ndi botolo lace. Musamsanzitse, musammwetse mkaka kapena mafuta. Madotolo ali ndi mankhwala ochedwa atropine amene apulumutsa moyo wodwala akafika msanga. Mwana ndiye agwidwa msanga koposa, popeza thupi lace liri laling'ono ndipo timipeni ta ciwindi cace sitinakhwime.

Ziliponso zolengedwa zina zimene ziribe linga lathu. Ciwindi ca mphaka sicidziwa kudula permethrin bwino, ndipo mankhwala a utitiri wa galu angathe kupha mphaka. Nsomba ziri ndi thupi lozizira, ndipo pyrethroid alowa mwa izo mosabvuta. Cifukwa cace kucapa pampu mu mtsinje, kapena kuwedza ndi neti ya udzudzu monga ena acitira m'nyanja zathu, ndiko kuononga ndiwo za mawa. Ndipo njuci ndi kacirombo: maloko ace afanana ndi a mdani wathu. Mankhwala sadziwa kuti uyu atipatsa uci ndi kubalitsa maungu. Mu 2018 maiko a European Union analetsa kuthira imidacloprid, clothianidin ndi thiamethoxam m'minda ya pabwalo cifukwa ca njuci.

Udzudzu usintha loko

Ambiri a inu mudandaula kuti mankhwala a masiku ano alibe mphamvu. Kawiri-kawiri mankhwala sanasinthe ai. Cimene casintha ndi udzudzu. Sikuti udzudzu umodzi uzolowera ciphe monga munthu azolowera tsabola. Mwa udzudzu wambiri-mbiri mubadwa wina wocepa umene kacipata kace kapangika mosiyana pang'ono, kotero kuti mwala sukhala pa citseko. Wina ubadwa ndi timipeni tambiri todula mankhwala. Tikapopera, wamba ufa, koma uwu utsala ndi kubala. Popeza kucokera pa dzira kufikira pa udzudzu wouluka papita masabata osaposa 2 nyengo ya dzinja, m'zaka zowerengeka adzukulu a opulumuka aja adzaza dera lonse. Ndipo popeza DDT ndi pyrethroid alasa kacipata kamodzi, udzudzu wosintha kacipatako upulumuka ku onse awiri.

Izi zinacitika mu Zambia. Akatswiri atapeza kuti udzudzu wa malungo, Anopheles gambiae ndi Anopheles funestus, ulikupulumuka ku pyrethroid m'madera ambiri, nchito yopopera nyumba inasintha pakati pa 2010 ndi 2020, kunka ku omanga wosesa, bendiocarb ndi pirimiphos-methyl, ndipo pambuyo pace ku kiyi wonyenga, clothianidin. Mukaona anyamata adza ndi mankhwala a pfungo lina caka cino, dziwani kuti alikusintha polasa kuti mdani asapeze pobisala. Maneti nao anasintha. Mu 2017 bungwe la World Health Organization linabvomereza maneti okhala ndi PBO, amene sapha yekha koma abunthitsa timipeni ta udzudzu kuti pyrethroid agwire nchito. Mu 2023 linabvomerezanso maneti okhala ndi chlorfenapyr, amene salasa mitsempha konse, koma azimitsa ng'anjo zopanga mphamvu m'thupi la udzudzu.

Inu a madimba ndi minda ya m'mbali mwa tauni muli m'nkhondo yomweyi. Kucokera pamene mbozi zacilendo zodya cimanga zinafika mu Zambia kumapeto kwa 2016, ambiri apopera mankhwala amodzi-modzi caka ndi caka. Ena acepetsa muyeso kuti botolo likhalitse, ndipo potero asiya mbozi zolimba kuti zibale. Ena aonjeza muyeso, nadzipweteka okha ndi njuci zao. Dziwaninso kuti maina awiri osiyana pa mabotolo angakhale a gulu limodzi. Kusintha dzina lokha sikusintha polasa.

Mau otsiriza

Anyamata a zaumoyo akagogoda, atsegulireni, tsatani zimene anena, sesani tizirombo takufa ndi kutikwirira kuti nkhuku ndi ana asatole, ndipo musazire kapena kutsuka zipupa kufikira dzinja litatha. Gonani mu neti usiku uli wonse. Pogula mankhwala gulani okhala ndi dzina ndi malangizo. Pa mabotolo ambiri a mankhwala a m'munda muona mzere wa mtundu kunsi kwace: wofiira ndiwo woopsa koposa, kutsata wacikasu, wabuluu, ndi wobiriwira. Ngati simutha kuwerenga malangizo, funsani mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo, pakuti safunsa anadya phula. Popopera bvalani zofunda manja, miyendo, mphuno ndi pakamwa, ndipo musadye kapena kusuta fodya musanasambe. Sungani botolo pokhoma, kutali ndi ufa ndi ana, ndipo likatha musatungire madzi.

Mankhwala awa alibe maso ndipo alibe cifundo. Alasa mitsempha, ndipo ife tipulumuka cifukwa mitsempha yathu isiyana pang'ono ndi ya udzudzu, ciwindi cathu ciri cacangu, ndipo matupi athu ali akulu ndi ofunda. Kusiyana kumeneku kukwanira kuti tigone mwamtendere m'nyumba yopoperedwa. Sikukwanira kupulumutsa mwana amene wapeza botolo kunsi kwa bedi.